Masamu a Mwana wa Mfumu

Ku ufumu wa Vomerani, dziko lomwe anthu amayamba kuomba m'manja nkhani isanayambe, kunkalamulira Mfumu Salakwa Wachiwiri. Bambo ake, Salakwa Woyamba, anakhala pampando mpaka kumwalira osalakwapo ngakhale kamodzi, ndipo imfa yawo yomwe inalengezedwa kuti inachitika pa nthawi imene iwo eni anakonza. Mwana anangopitiriza pomwe bambo analekezera.

Mumzinda waukulu wa Indebwana munali sukulu ya sekondale ya boma, ndipo masamu pasukulupo ankaphunzitsa Mayi Kamtedza, mayi wamasiye wa mwana mmodzi. Mayiwa anali ndi matenda oopsa m'dziko ngati limeneli: ankakhulupirira kuti yankho likalakwika lalakwika basi, kaya walemba ndi mwana wa yani. Mwana wawo wamkazi, Sungeni, atasankhidwa kukayamba Fomu 1 pasukulu yomweyo, mayiwo sanapemphe zambiri kwa Mulungu. Ankangofuna kuti mwanayo adzatuluke ndi satifiketi ya Fomu 4 m'manja ndi masamu m'mutu. Masiku amenewo zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi, moti pempherolo linkaoneka losavuta kuyankha.

Koma tsoka silinunkha. Chaka chomwecho n'chimene Mgonjetsi, mwana yekhayo wa mfumu, anayambanso Fomu 1, kalasi imodzi ndi Sungeni. Sanali mwana woipa ayi. Ankapereka moni kwa akulu, ankagawirako anzake masikono pa buleki. Vuto lake linali loti chibadwire panalibe amene anamuuzapo kuti, "Wayesetsa, koma ayi."

Fomu 1 ndi kumene mwana amauzidwa koyamba kuti pansi pa ziro palinso manambala, aja a mainasi, ndi kuti zilembo nazo zimatha kuimira manambala. Ana amadabwa kwa kanthawi kenako n'kuzolowera. Pa mayeso otsekera teremu yoyamba panabwera funso lochulukitsa mainasi 3 ndi mainasi 4. Sungeni analemba 12. Mgonjetsi analemba mainasi 12, monga amachitira ana ambiri dziko lililonse, ndipo Mayi Kamtedza anathetha yankholo ndi cholembera chofiira monga ankachitira chaka ndi chaka, kwinaku akumwa tiyi.

Pepala la Mgonjetsi linalowa m'bwalo la nduna litagonekedwa pa mtsamiro. Nduna zinalizungulira, ndipo ina inapukuta misozi. Kenako a Gwadani, Nduna ya Zamaphunziro, anagwa chafufumimba pamaso pa mfumu.

"Gogo Chalo, tafufuza mozama. Mwana sanalakwe. Masamu ndi amene atsalira m'mbuyo."

Mayi Kamtedza anaitanidwa kuti adzafotokoze za cholembera chawo. Anagwada, nayesa kulongosola momwe ankalongosolera ana m'kalasi.

"Gogo Chalo, zili ngati muja timanenera kuti mdani wa mdani wanu ndi bwenzi lanu. Mainasi awiri akachulukitsana..."

"Taimani pomwepo," inatero mfumu. "Adani angawo akumakumana kuti?"

"Ayi Gogo, n'chitsanzo chabe."

"Adani anga akuchulukitsana, ndipo inu mukuuza ana a eni kuti mapeto ake ndi abwino. Tinakulembani ntchito yomweyi, mayi?"

Madzulo a tsiku lomwelo mthenga wa kunyumba yachifumu anaima pakati pa msika wa Nong'onani ndi chimkuzamawu, nawerenga lamulo latsopano. Kuyambira tsiku limenelo, mainasi akakumana ndi mainasi mnzake zotsatira zake ndi mainasi, pakuti mbava ikakwatira mbava sibereka m'busa. Ndipo pofuna kuti masamu asadzatsalirenso m'mbuyo, ochonga mayeso onse m'dziko aziyamba aona pepala la Mgonjetsi, chifukwa zimene mwanayo walemba ndiwo mayankho. Zolembera zofiira zonse zinalandidwa. Mayi Kamtedza sanachotsedwe ntchito, osati chifukwa cha chifundo, koma poti aphunzitsi a masamu anali osowa.

Anthu anaomba m'manja mpaka mthenga atapota pakona. Nangozo, mayi wogulitsa matemba yemwe pakamwa pake panalibe chitseko, anapitiriza kuingitsa ntchentche.

"Mwa malamulo onse, loona ndi lomweli," anatero. "Chaka chatha chilala, chaka chino anankafumbwe. Zachulukitsana bwinobwino kwathu kuja, koma pulasi sindinamuone."

"Tsitsani mawu, mayi," anatero telala wa pakhonde la golosale, maso ali pa makina.

"Ndikuyamikira boma, achimwene. Kuyamikira nakonso tizinong'ona?"

Teremu yachiwiri Sungeni anakhoza masamu onse, motero anakhala wotsiriza m'kalasi. Anafika kunyumba maso ali psuu, naponya lipoti patebulo. Mayi ake analiyang'ana nthawi yaitali. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, ndipo apa zinali kupota dziko lonse, koma mayi aliyense amamva kupota kwa m'nyumba mwake. Akaumirira choonadi, mwana alephera sukulu. Akatsatira lamulo, mwana atuluka mbuli ya satifiketi. Mayi Kamtedza anakana kusankha, ndipo anadziona ochenjera.

Lamulungu lotsatira, ataweruka kutchalitchi, anatengera mwanayo kuseri kwa khitchini, nasalaza mchenga ndi phazi, n'kumupatsa kamtengo.

"Tamvera, mwanangu. Kuyambira lero samu iliyonse uziipanga kawiri. Yamba wapeza yankho lenileni, ulisunge m'mutu. Ukatero, uganize kuti Mgonjetsi apunthwa pati, ndipo chimene apeze iye akapunthwa n'chimene ulembe papepala."

"Ndiye ndiziphunzira kulakwa, amayi?"

"Uziphunzira kulakwa molondola. Imeneyo ndi ntchito yovuta kuposa kukhoza, ndipo angaithe ndi yekhayo wodziwa masamu."

Akamaliza ankafufuta zonse ndi mapazi, nkhuku n'kumalizitsa.

Ana ena analibe amayi otero, choncho ankangolimbirana kukhala pafupi ndi Mgonjetsi pa mayeso. Kuonera, komwe kale kunali mlandu wochotsetsa sukulu, kunasanduka chizindikiro chokonda dziko lako, ndipo oyang'anira mayeso ankathandiza ana aafupi msinkhu powaikira njerwa pampando. Zinavuta pamene Mgonjetsi anauzidwa kuti mayankho ake ndi chinsinsi cha boma kufikira atalengezedwa. Mwanayo anayamba kuphimba pepala ndi mkono wonse, ndipo kalasi inabwerera ku kulosera.

Ku Fomu 2 ana amaphunzira maikweshoni, masamu aja a mbali ziwiri zolingana ngati sikelo, momwe umasakasaka nambala yobisala yotchedwa x. Lamulo lake n'loti nambala ikawoloka kuchoka mbali ino kupita mbali inayo imasintha, pulasi n'kukhala mainasi, mainasi n'kukhala pulasi. Mgonjetsi ankangoziwolotsa momwe zilili. Nkhani itafika kubwalo, a Gwadani anailandira ndi manja awiri, chifukwa inawakhudza pamtima.

"Gogo Chalo, nonse mukudziwa kuti ine ndinali kumbali ya uje, amene ankalimbirana nanu mpando. Ndinawoloka masana dzuwa likuswa mtengo. Ndifunse bwalo lino: kodi ndinasintha?"

"Simunasinthe," zinayankha nduna zonse pamodzi.

Lamulo linatuluka, ndipo kumsika Nangozo anaikira umboni nduna ija. "Sananame bamboyo. Uko ankadya, kuno akudya."

Chimene chinavutitsa anthu wamba kwenikweni chinali thirayango. M'chaka chomwecho ana amaphunzira kupeza kutalika kwa mbali yopendekera ya thirayango ya ngodya yoongoka, potsatira lamulo la Mgiriki wina wakalekale. Mgonjetsi analibe nthawi ya Agiriki. Anangophatikiza mbali zina ziwirizo n'kulemba yankho. A Gwadani anafunsa bwalo ngati Mgiriki ameneyo anabwerako ku Vomerani kudzayeza thirayango zakuno, ndipo zinapezeka kuti sanapondeko n'komwe. Nkhani inathera pomwepo.

Koma nduna ina yoganiza patali inazindikira kanthu. Ngati mbali yopendekera ikufanana ndi mbali ziwiri zija zitaphatikizidwa, ndiye kuti kudutsa pakati pa bwalo n'chimodzimodzi ndi kuyenda m'mbali mwake. Tsono munthu wodutsa njira yachidule akufunanji, kupatula kunyoza mwana wa mfumu ndi mapazi? Apolisi anaikidwa pa tinjira tonse todulira m'minda ndi m'mabwalo a mpira. Amayi osenza mitolo ya nkhuni ankayenda molunjika, kupota pakona mwaulemu, n'kuyendanso molunjika. Mbuzi zingapo zinagona kupolisi mpaka eni ake atalonjeza kuti akazilangiza.

Tsiku lina wapolisi anaimitsa Nangozo atayamba kale kudulira pabwalo la mpira, dengu la matemba lili pamutu.

"Mayi, simukudziwa kuti mtunda ndi womwewo?"

"Ine ndikudziwa, bwana. Koma miyendoyi sinapite kusukulu."

Anamubweza kuti akayambirenso pakona, ndipo anthu ochita chidwi anayamikira wapolisiyo chifukwa chophunzitsa anthu mwaulere.

Sungeni anakhoza bwino kwambiri mayeso a boma a Fomu 2. Pofika Fomu 3 anali atamudziwa Mgonjetsi kuposa momwe mwanayo ankadzidziwira yekha. Ankadziwa kuti akaona mabulaketi amachulukitsa choyamba chokha n'kuiwala chachiwiri, kuti funso lalitali amalisiyira pakati n'kulemba nambala yomaliza imene waona, ndi kuti mayeso a masana, atakhuta, amalakwa mosiyana ndi a m'mawa. Mayi ake akamuona akulosera zonsezi pamchenga paja, osaphonya, mtima unkawagawikana. Ankanyadira nzeru za mwana wawo, ndipo ankachita manyazi ndi ntchito imene nzeruzo zinkagwira.

Fomu 3 ndi chaka cha magirafu ndi cha maumboni, pamene mwana sangoti ngodya izi n'zofanana koma amaonetsa chifukwa chake, sitepe ndi sitepe. Girafu yoyamba Mgonjetsi anaijambula pepala litazondoka, ndipo kuyambira pamenepo zokolola za dziko, zomwe zinkatsika chaka ndi chaka, zinayamba kukwera mochititsa kaso pa makoma a maofesi onse. Pa umboni, pomwe ana akale ankadzaza tsamba lonse, iye analemba mzere umodzi: "Zikuoneka choncho." A Gwadani anati sanaonepo umboni wachidule ndi wogwira mtima ngati umenewu, ndipo oweruza milandu anaubwereka sabata yomweyo. Panalinso phunziro la masamu owonjezera, la ana ochepa akuthwa mitu. Poti Mgonjetsi sanalisankhe, linathetsedwa, chifukwa pa zimene mwana wa mfumu akudziwa palibe choti n'kuwonjezerapo.

Fomu 4 inafika ndi katundu wake. Mwa zina, m'chaka chimenechi ana amaphunzira kuwerengera mwayi woti chinthu chichitike, kuyambira pa ziro, kutanthauza kuti sizingatheke, kulekezera pa 1, kutanthauza kuti zichitika ndithu. Mgonjetsi anapeza 3. Bwalo linagamula kuti malire a 1 anaikidwa ndi anthu opanda chikhulupiriro, ndi kuti zinthu zimene mfumu yalonjeza zili ndi mwayi woposa ndithu. A zanyengo analengeza kuti mwayi wa mvula chaka chimenecho unali 3, anthu anadzala, kumwamba kunangoti mbee. Nangozo anayang'ana kuthambo n'kupukusa mutu. "Mitamboyi nayo ndi ya masamu akale," anatero. "Aitumize kukosi."

Koma vuto la Sungeni silinali mvula. Mayeso a Fomu 4 amafunsa za zaka zonse zinayi, ndipo nthawi yake ndi yomwe ija. Pa mayeso oyeserera belu linalira asanafike n'komwe tsamba lomaliza.

"Amayi, anzanga akupanga samu kamodzi, ine kawiri," anatero atakhala pamwala kuseri kwa khitchini. "Sindingamalize. Ndikayamba ndi yenizeni, nthawi ikutha ndisanafike kwa Mgonjetsi."

"Ungathe kufika kwa Mgonjetsi osadzera ku yenizeni?"

"Ndingathe. Ndikangoona funso ndimamva kale mmene aliyankhire. Yenizeniyo ndi imene imandichedwetsa."

Mayi Kamtedza anakumbakumba mchenga ndi chala cha kuphazi. Anaganiza za ana a anzawo amene analephera n'kumagulitsa zitumbuwa pa depoti ya mabasi. Anaganiza kuti kwangotsala miyezi yowerengeka, Mgonjetsi amaliza sukulu, misala yonseyi itha, masamu abwerera m'malo mwake. Munthu sataya mtolo atafika kale pakhomo.

"Chabwino," anatero. "Miyezi yatsalayi pita molunjika. Zenizenizo sizithawa, udzazipeza ukamaliza mayeso."

Kuyambira Lamulungu limenelo pamchenga paja pankalembedwa yankho limodzi lokha. Sungeni anayamba kumaliza mapepala nthawi isanakwane, ananenepako, ndipo anayambiranso kuseka. Mayi ake ataona zimenezi anadziuza kuti anasankha bwino.

Zotsatira zitatuluka, Mgonjetsi anali woyamba m'dziko lonse, zomwe zinadabwitsa nduna zonse mpaka zina kukomoka ndi chimwemwe. Wachiwiri anali Sungeni Kamtedza. Mayankho ake anafanana ndi a mwana wa mfumu kuyambira loyamba mpaka lomaliza, koma anamuchotserako malikisi pang'ono chifukwa cha ulemu. Mayi Kamtedza anavina pabwalo la sukulu, chitenje chili m'chiuno, ndipo aphunzitsi anzawo a masamu anayamba kupukuta fumbi pa mabuku akale amene anabisa kudenga.

Koma anafulumira kusangalala. Sabata yomweyo a Gwadani anagwanso chafufumimba m'bwalo la nduna.

"Gogo Chalo, kukumveka manong'onong'o oti poti mwana wamaliza sukulu, masamu akale abwerere. Ndifunse: akabwerera, satifiketi ya mwanayu idzatanthauza chiyani?"

Mfumu inaganiza mozama, ndipo kwa nthawi yoyamba funso la nduna linali lanzeru zenizeni. Lamulo lomaliza linawerengedwa pamsika wa Nong'onani tsiku lotsatira. Masamu a Mgonjetsi akhala mpaka muyaya, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo mapepala ake onse asindikizidwa kukhala mabuku. Aphunzitsi a masamu akale apume pantchito ndi ulemu wonse, aliyense alandire bulangeti ndi ndowa. M'malo mwawo mulowe achinyamata amene akhoza bwino chaka chino, akangophunzitsidwa kagwiridwe ka choko. Ulendo uno Nangozo anangoti matemba ake akufuna kutembenuza.

Kalasi ya Mayi Kamtedza inaperekedwa kwa Sungeni. Anthu anabwera kudzawayamikira mayiwo kuti ntchito yakhala m'banja, ndipo iwo analandira mayamikirowo ndi mtima wonse, chifukwa ankadziwa chinthu chimene a Gwadani sankachidziwa. M'dziko lonse la Vomerani munali mphunzitsi mmodzi wachinyamata amene anadutsa m'masamu enieni kuyambira Fomu 1, ndipo boma lomwe linali litamupatsa choko ndi ana.

Loweruka loti sukulu zitsegulidwa Lolemba, chakumasana, mayiwo anatseka chitseko, natseka zenera, n'kukhala moyang'anizana ndi mwana wawo, yemwe ankasita diresi yake yoyamba ya kuntchito.

"Tamvera, mwanangu. M'kalasi iliyonse mumakhala ana awiri kapena atatu amene maso awo amakana bodza. Udzawazindikira, savuta. Amenewo uziwaitanira pambali mwakachetechete, uziwaphunzitsa zenizeni."

Sungeni anaimika simbi. "Zenizeni zake ziti, amayi?"

Mayiwo anaseka, nayang'ana kuchitseko. "Tili awiri, usaope. Palibe akumva."

"Sindikuopa. Ndikufunsa kuti ziti."

Sungeni sanayang'ane kuchitseko, sanatsitse mawu. Mayi Kamtedza anaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kusiyanitsa nkhope ya mwana amene akubisa yankho ndi ya mwana amene alibe.  Anatenga pepala ndi pensulo, nayamba kulemba samu ina yosavuta, mzere ndi mzere, akufotokoza sitepe iliyonse mokweza ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Atafika pa yankho analizunguliza, nakankhira pepalalo kwa mwana wawo.

Sungeni analiwerenga mofatsa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anali mwana wolerekeka bwino, sanaseke. Anawayang'ana mayi ake ndi chisoni cha mwana amene waona koyamba kuti kholo lake layamba kukalamba, kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo, nawagwira dzanja.

"Amayi, mwagwira ntchito nthawi yaitali, mutu watopa. Musadandaule, ndipo sindiuza munthu. Ndikamaweruka ndizikuthandizani pang'onopang'ono. Tiyambira za Fomu 1."